Sir David Bruce, Sing'anga Amene Analondola Gwero la Kaodzera

Nthenda ya kaodzera ili ndi dzina loinena bwino, pakuti munthu woidwala amayamba kuodzera usana dzuwa likuswa mtengo, pakati pa anzake, mwina mbamu ya nsima ili m'manja. Ife okhala kunsi kwa phiri la Zomba, ku Songani ndi ku Domasi, sitiimva kawirikawiri nthendayi. Komatu msewu wodutsa pa msika wa Songani umatsikira ku Liwonde, m'chigwa cha Shire, kumene ntchentche yoifalitsa, yotchedwa kashembe, yakhala chikhalire. Abale athu ambiri amakagwiranso ntchito ku Nkhotakota, ku Kasungu ndi ku Rumphi, kumene nthendayi imagwirabe anthu. Tsono nkoyenera kuti awerengi athu adziwe mbiri ya sing'anga wa asilikali amene analondola kachilombo ka nthendayi kuyambira ku Zululand, kudzera ku Uganda, mpaka ku phiri la Kasu ku Dowa. Dzina lake ndi David Bruce. Mbiri yake itionetsanso m'mene maiko anayambira kuthandizana pa nkhondo yolimbana ndi matenda, ndiponso kuti ntchito yodziwika ndi dzina la munthu mmodzi inagwiridwa ndi manja ambiri.

Ubwana wake ndi ukwati

David Bruce anabadwa pa 29 May 1855 mu mzinda wa Melbourne ku Australia. Makolo ake anali a ku Scotland, ndipo anapita kumeneko pa nthawi imene anthu ankathamangira migodi ya golide. Mwanayo ali ndi zaka 5 banja linabwerera kwawo nikakhala ku Stirling. Sukulu anaisiya ali ndi zaka 14, nakalowa ntchito m'nyumba ya malonda ku Manchester. Anali mnyamata wamtali ndi wamphamvu, wokonda masewera ndi kuyendayenda m'mapiri kuyang'ana mbalame, koma chibayo chinamugwetsa ali ndi zaka 17, ndipo atachira anabwerera ku maphunziro. M'chaka cha 1876 analowa sukulu yaikulu ya Edinburgh, natsiriza maphunziro a using'anga mu 1881.

Ntchito yake yoyamba inali yothandiza dotolo wina m'tauni ya Reigate ku England. Kumeneko anadziwana ndi Mary Elizabeth Steele, mwana wa dotolo, ndipo anakwatirana mu 1883. Ana sanakhale nawo. Mayi ameneyu tidzamtchula kawirikawiri, pakuti pa zaka 48 za ukwati wawo anayenda ndi mwamuna wake pa ulendo uliwonse. Anaphunzira kukonza magazi pa timagalasi, kupaka tizilombo utoto kuti tioneke, ndi kutijambula ndi dzanja mosaphonya, kotero kuti zithunzi zambiri za m'malipoti a Bruce ndi za dzanja la mkazi wake.

Malungo a ku Malta

Chaka chomwecho cha ukwati Bruce analowa gulu la madotolo a asilikali a Britain, ndipo mu 1884 anamtumiza ku chisumbu cha Malta. Kumeneko asilikali ambiri ankagona m'chipatala miyezi ndi miyezi chifukwa cha malungo ena amene ankatha ndi kubweranso, osamva mankhwala a kwinini. Nthawi imeneyo nzeru yakuti matenda ambiri amadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso inali yatsopano. Bruce anadzigulira makina okulitsa tinthu tating'ono, otchedwa maikulosikopu, nayamba kupima kapamba wa asilikali omwalira. Mu 1887 anakhoza kulekanitsa kachilomboko ndi kukameretsa m'timabotolo, ndipo atakabaya mwa apusi, apusiwo anadwala nthenda yomweyo. Pa ntchitoyi anathandizidwa kwambiri ndi dotolo wa ku Malta komweko, Giuseppe Caruana Scicluna.

Njira imene kachilomboko kankalowera mwa anthu inadziwika patapita zaka 18. Mu 1905 Themistocles Zammit, dotolo winanso wa ku Malta, amene anali m'bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Bruce, anapeza kuti kamakhala mu mkaka wa mbuzi. Asilikali ataletsedwa kumwa mkaka wa mbuzi wosawiritsa, nthendayo inachepa msanga pakati pawo. Mu 1920 akatswiri anatcha mtundu wa tizilomboto Brucella pokumbukira Bruce. Maina a madotolo awiri a ku Malta aja ndi anthu ochepa amene amawakumbukira. Phunziro lake likadali lathu: mkaka wa mbuzi kapena wa ng'ombe tiziuwiritsa tisanamwe.

Pa phiri la Ubombo

Mu 1894 Bruce anatumizidwa ku Natal, kumwera kwa Africa. Bwanamkubwa wa kumeneko, Sir Walter Hely-Hutchinson, anamdziwira ku Malta, ndipo anampempha kuti akafufuze nthenda imene inali kutha ng'ombe za Azulu, imene eni ake ankaitcha nagana. Bruce ndi mkazi wake anayenda masabata angapo pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, nafika pa phiri la Ubombo m'mwezi wa November 1894. Anakhala m'kanyumba komata ndi dothi, ndipo khonde lake ndilo linali malo opimira magazi.

Panali maganizo awiri pa za gwero la nthendayi. Azungu osaka nyama ankati kashembe ali ndi ululu wakewake monga njoka, ndipo David Livingstone analemba zofanana ndi zimenezi m'buku la maulendo ake mu 1857. Azulu ankati ayi, nthenda imadza ndi nyama za m'tchire, pakuti ng'ombe zimadwala zikadya kumene njati ndi ngoma zadutsa. Bruce anayesa maganizo onse awiri.

Poyamba anapeza m'magazi a ng'ombe zodwala kachilombo kotalika, koyenda mopsepsereza ngati kamkunga, kokhala ndi kamchira kamodzi. Akatswiri amakatcha trypanosome. Pamwamba pa phiri panalibe kashembe, koma m'chigwa anali wochuluka. Motero Bruce ankatsitsa akavalo athanzi m'chigwa kwa maola ochepa, osawalola kudya udzu kapena kumwa madzi a kumeneko, nabwerera nawo kuphiri, akavalowo anadwala. Kenaka anagwiritsa ntchentche m'chigwa, nakwera nazo, naziyamwitsa pa kavalo amene sanatsikeko, nayenso anadwala. Potsiriza anatenga magazi a njati, ngoma, mbawala ndi nyama zina zooneka zathanzi, nawabaya mwa agalu, ndipo agalu ena anagwidwa ndi nthenda.

Apa zinadziwika kuti mbali zonse ziwiri zinagwira theka la choonadi. Nyama za m'tchire zimasunga kachilombo m'magazi mwawo osadwala. Kashembe akaziluma amakatenga, nakathira mwa ng'ombe, kavalo kapena galu. Ntchitoyi inamtengera zaka pafupifupi ziwiri, kufikira 1897, ndipo mu 1899 akatswiri a ku London anatcha kachilomboko Trypanosoma brucei. Chaka chomwecho kunabuka nkhondo ya Mabunu, ndipo banjali linatsekeredwa mu mzinda wa Ladysmith miyezi inayi, mwamuna akuchita opaleshoni asilikali ovulala, mkazi akumthandiza monga namwino. Mary analandira mendulo ya Royal Red Cross chifukwa cha ntchito imeneyo.

Mliri wa ku Uganda

Cha m'ma 1900 nthenda yogonetsa anthu tulo inabuka m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda, makamaka ku Busoga ndi pa zisumbu. Abaganda ankaitcha mongota, dzina lonena kuodzera, monga lathu lomwe. Pa zaka 20 zotsatira anthu oposa 200,000 anamwalira, ndipo midzi yambiri inasanduka mabwinja. Bungwe la akatswiri la Royal Society ku London linatumiza madotolo atatu mu 1902. Mmodzi wa iwo, mnyamata wa ku Italy dzina lake Aldo Castellani, anaona ma trypanosome m'madzi a mu msana a odwala ena, ngakhale maganizo ake anali pa kachilombo kena.

Bruce anafika ku Entebbe m'mwezi wa March 1903, ndipo atamva za zimene Castellani anaona, anakumbukira ng'ombe za ku Ubombo. Pamodzi ndi David Nabarro ndi Mary anapima odwala ambiri, napeza kachilomboko mwa odwala tulo, osakapeza m'madzi a mu msana a anthu odwala matenda ena. Tsono anafuna kudziwa ngati ntchentche ili pamene pali nthenda. Anapempha nduna yaikulu ya Buganda, Apolo Kagwa, ndi mafumu ndi amishoni kuti amtumizire ntchentche zoluma za m'madera mwawo, ndi kumuuza ngati kumeneko kuli odwala. Anthu a m'midzi anagwira ntchentchezo nazitumiza kuchokera kumbali zonse. Bruce analemba mapu awiri, ena a nthenda, ena a kashembe wa m'mbali mwa madzi, ndipo mapuwo anagwirizana. Chaka chisanathe zinatsimikizika kuti nthenda ya tulo mwa anthu ndi nagana mwa ng'ombe ndi pachibale, ndipo zonse zimayenda ndi kashembe.

Pambuyo pake panabuka mkangano wautali pakati pa otsatira Bruce ndi otsatira Castellani pa za amene anayamba kutulukira chinsinsichi. Bruce anali munthu wolankhula mosapsatira, wosachedwa kukalipa, ndiponso wouma dzanja pogawira anzake ulemu. Oweruza mwachilungamo amati Castellani ndiye anayamba kuona, ndipo Bruce ndiye anazindikira tanthauzo la zimene zinaonekazo.

Maiko ayamba kukambirana

Kashembe sadziwa malire amene Azungu analemba pa mapu a Africa, ndipo anthu a mtengatenga, asilikali ndi amalonda ankanyamula nthenda m'magazi mwawo kuchokera dziko lina kunka lina. Chifukwa cha ichi maboma angapo a ku Ulaya okhala ndi maiko mu Africa anatumiza madotolo awo. Portugal inatumiza gulu ku Angola mu 1901. Sukulu ya matenda a m'maiko otentha ya ku Liverpool inatumiza gulu ku Congo mu 1903, ndipo mtsogoleri wake, Joseph Everett Dutton, anafera komweko mu 1905. France inatumiza gulu ku Brazzaville mu 1906. Chaka chomwecho Robert Koch wa ku Germany anafika pa zisumbu za Sese m'nyanja ya Victoria, nayesa mankhwala otchedwa atoxyl, amene anachepetsa tizilombo m'magazi koma anachititsa khungu odwala ena.

Mu 1907 nthumwi za maiko amenewa zinakumana ku London pa msonkhano woyamba wa maiko wokambirana za nthendayi, ndipo zinakumananso mu 1908. Sanamvane za mzinda umene ofesi yawo yaikulu ikakhale, pakuti aliyense ankakokera kwawo. Britain inatsegula ofesi yakeyake ku London mu 1908, yosonkhanitsa malipoti a madotolo a maiko onse ndi kuwasindikiza, ndipo Britain ndi Germany anapangana zodziwitsana za odwala a m'malire mwawo. Chiyambi chake chinali chofooka, komabe kuyambira pamenepo dotolo wa ku Congo ankatha kuwerenga zimene mnzake wapeza ku Uganda. Mwa njira imeneyi, pamene Friedrich Kleine wa ku Germany anapeza mu 1909 kuti kachilomboko kamakula m'thupi la kashembe masabata angapo kasanayambe kupatsira, gulu la Bruce, limene linali litabwerera ku Uganda kuyambira 1908 mpaka 1910, linayesa msanga nilitsimikiza.

Tisabise kuti malamulo amene anatsata nzeru zimenezi anali olemera pa eni nthaka. Ku Uganda Bwanamkubwa Hesketh Bell analamula kuti anthu asamuke m'mbali mwa nyanja, ndipo pambuyo pake a pa zisumbu anasamutsidwanso. Imfa zinachepa, koma asodzi anasiya madooko awo, minda ya nthochi ndi manda a makolo, ndipo pamene panali midzi panamera tchire lokomera kashembe yemweyo. M'maiko ena odwala ankatsekeredwa m'misasa kutali ndi abale awo, kotero kuti ambiri ankabisala akamva kuti dotolo akudza.

Bruce m'dziko lathu

Kuno ku Nyasaland, monga dziko lathu linkatchedwa, munthu woyamba kupezeka ndi ma trypanosome m'magazi anapezeka mu 1908. Madotolo anazunguzika, popeza kashembe wa m'mbali mwa madzi uja wa ku Uganda kuno kulibe. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapima magazi a Mzungu amene anatenga nthenda m'chigwa cha Luangwa, naona kuti kachilombo kake ndi ka mtundu wina, nakatcha Trypanosoma rhodesiense. Posachedwa Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, akugwira ntchito ku Luangwa komweko, anaonetsa kuti wokafalitsa ndi kashembe wa m'tchire, amene anali ponseponse m'zigwa za dziko lino. Nthenda ya mtundu umenewu ndi yaukali koposa: ya kumadzulo kwa Africa imatha zaka mwa munthu, koma yathuyi imapha pa miyezi yowerengeka.

Kashembe anali akufalikira m'zaka zimenezo. Mliri waukulu wa ng'ombe wa m'ma 1890 unapha ng'ombe ndi nyama za m'tchire zomwe, ndipo ntchentche inachepa posowa magazi. Nyama zitayambanso kuswana, motetezedwa ndi malamulo a boma oletsa anthu akuda kusaka, ntchentche inabwerera nifika ndi kumene kale anthu ankaweta ng'ombe. Boma, limene likulu lake linali kuno ku Zomba, linaika malire kuzungulira dera lina la kunyanja m'boma la Dowa, niletsa anthu kulowa ndi kutuluka mwaufulu.

Mu 1911 Royal Society inasankha Bruce, amene tsopano anali Sir David chilandirire ulemuwo mu 1908, kuti atsogolere bungwe lofufuza ku Nyasaland. Anali ndi madotolo a asilikali David Harvey ndi A. E. Hamerton, dotolo wa boma la kuno J. B. Davey, ndi mkazi wake Mary. Kumayambiriro a 1912 anamanga msasa pa phiri la Kasu, pafupi ndi Mvera. Malowo anawasankha monga anasankhira Ubombo: pamwamba pozizira popanda ntchentche, posungira apusi, agalu ndi mbuzi zoyesera, ndipo kunsi chigwa cha kunyanja chodzaza ndi kashembe.

Tsiku ndi tsiku anyamata a m'midzi yozungulira ankatsika m'chigwa kukagwira ntchentche zamoyo, nazikweza kuphiri m'timabokosi. Alenje ankaombera nyama, ndipo magazi ake ankathamanga nawo kuphiri asanaundane. Ena ankadyetsa ziweto zoyesera, ena ankasenza katundu. Anthu amenewa ankalumidwa ndi ntchentche yomwe ankadziwa kuti ikhoza kupha, ndipo nthawi imeneyo mankhwala ochiza panalibe. Malipoti amene anasindikizidwa ku London ali ndi maina a Azungu asanu pamwamba pake, koma denga limenelo linasenzedwa ndi mitu yambiri. M'malipotimo Bruce analembamo dzina lathu lakuti kaodzera, motero linadziwika kwa akatswiri a maiko akutali.

Zimene anapeza zinali zambiri. Pa nyama 100 zilizonse za m'chigwa cha kunsi kwa Kasu, pafupifupi 32 zinali ndi ma trypanosome oopsa m'magazi. Nakodzwe, ngondo, mphoyo ndi gwape anaziona kuti ndi zoopsa kwa munthu. Ntchefu, ngoma, mbawala ndi njati, zoopsa kwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Anatulukiranso kachilombo katsopano, Trypanosoma simiae, kamene kamakhala mwa njiri nikapha nkhumba zoweta pa masiku ochepa. Anayerekeza tizilombo tochokera m'madera osiyanasiyana, ndipo mtundu wina wa m'dera la Liwonde anaufotokoza pa dzina la Liwonde m'malipoti a 1914.

Pa zonsezi Bruce anatsimikiza mumtima kuti kachilombo ka kaodzera ndi ka nagana ka ku Ubombo ndi kamodzi, ndipo analangiza boma kuti nyama zonse za m'dera la kashembe ziphedwe, naziyerekeza ndi agalu achiwewe amene palibe mudzi ungawasunge. Dotolo George Prentice wa mishoni ya Kasungu anali ndi maganizo omwewo, poona anthu ake akutaya ng'ombe ndi mbewu pamene lamulo likuteteza nyama. Ena anatsutsa. Dotolo wa ku Germany, Max Taute, anadzibaya yekha magazi a nyama zokhala ndi kachilombo ka nagana, osadwala. Komiti imene inakhala ku London mu 1913 ndi 1914 inamva mbali zonse, koma sinalamule kupha nyama ponseponse. Ku Southern Rhodesia boma linatsata njira ya mfuti kwa zaka zambiri, nipha nyama mazana a zikwi.

Nzeru za pambuyo pake zinaonetsa kuti Bruce analondola pena naphonya pena. Tizilombo tiwirito ndi tofanana pa maso, koma ka nagana kamafa kakalowa m'magazi a munthu, pamene ka kaodzera kali ndi chodzitetezera. Kuti nyama zimasungadi kachilombo kopha anthu zinatsimikizika mu 1958, pamene akatswiri ku Kenya anakapeza m'magazi a mbawala. Koma kupha nyama sikunathetse kashembe, pakuti amayamwanso njiri, nguluwe ndi ng'ombe zomwe. Ndipo katswiri wina, John Ford, anaonetsa mu 1971 kuti makolo a mu Africa ankamchingira kashembe mwa kukhala pamodzi, kulima ndi kulambula tchire kuzungulira midzi, ndi kuti nkhondo ndi kusamutsa anthu kwa nthawi ya atsamunda ndi zimene zinagumula mpanda umenewo.

Masiku ake otsiriza

Bruce anachoka m'dziko lino mu 1914, ndipo nkhondo yaikulu yoyamba itabuka anakhala mkulu wa sukulu ya madotolo a asilikali ku London. Anatsogolera makomiti ofufuza kafumbata, amene ankapha asilikali ovulala, ndi malungo ofalitsidwa ndi nsabwe m'maenje a nkhondo. Anapuma ntchito mu 1919. Chifuwa chinkamvuta, motero nyengo yozizira ankakakhala pa chisumbu cha Madeira.

Mary anamwalira pa 23 November 1931. Mwamuna wake, amene analinso chigonere, anamtsatira pa 27 November, pa nthawi imene mwambo wa maliro a mkaziyo unali mkati. Asanatsirizike anapempha kuti aliyense wolemba za ntchito zake asaiwale kunena kuti mkazi wake anali nazo gawo lalikulu. Munthu amene anali wouma dzanja kwa Castellani ndi kwa Zammit, pa mkazi wake anapereka ulemu wonse. Ife tachita monga anapemphera, ndipo taonjezapo anyamata a ku Dowa ogwira ntchentche aja.

Ntchito imene anaisiya

Kudziwa gwero la nthenda ndi kupeza mankhwala ake ndi maulendo awiri, ndipo wachiwiriwu unatalika. Mankhwala a suramin, opangidwa ku Germany, anayesedwa ku Northern Rhodesia kumayambiriro a zaka za m'ma 1920, koma amathandiza pokhapokha kachilombo kasanafike ku ubongo. Bungwe la League of Nations linasonkhanitsa akatswiri a maiko angapo ku Entebbe mu 1926 ndi 1927 kuti afufuze pamodzi, chinthu chimene msonkhano wa 1908 unalephera. Ku Cameroon dotolo wa ku France, Eugène Jamot, anayambitsa magulu oyenda mudzi ndi mudzi kupima munthu aliyense. Mu 1948 kunabadwa bungwe la zaumoyo la maiko onse, la WHO. Mu 1949 kunadza mankhwala a melarsoprol, okhoza kuchiza ngakhale nthenda itafika ku ubongo, koma aukali kotero kuti pa odwala 20 olandira jekeseniyo, mmodzi ankafa ndi mankhwalawo. Mu 2000 atsogoleri a maiko a Africa, atakumana ku Lomé, anapangana zolimbana ndi kashembe pamodzi. Mu 2018 odwala olembedwa pa dziko lonse anatsika kwa nthawi yoyamba kufika pansi pa 1,000.

Gawo lotsiriza linachitikira kwathu kuno. Kuyambira 2019 mapilitsi a fexinidazole anayesedwa pa odwala kaodzera ku chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala ku Uganda, mothandizidwa ndi bungwe la DNDi, ndipo mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti ndi oyenera. Wodwala amamwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya. Kuchokera pa kufika kwa Bruce ku Kasu kufikira tsiku limenelo panapita zaka 111.

Tsono akatekisiti ndi akulu a mipingo, amene mumayendera odwala m'midzi, gwirani mau awa. Munthu amene wakhala kapena wadutsa pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu, Vwaza kapena Liwonde, nayamba kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya mfundo, mwina ali ndi chotupa chowawa pamene ntchentche inamluma, kapena anabere, ndipo mankhwala a malungo sakumthandiza, apite ku chipatala msanga, akanene kumene anayenda, akapimidwe magazi. Musadikire kuti ayambe kuodzera usana ndi kusowa tulo usiku, kapena kulankhula zosokonekera, pakuti pamenepo kachilombo kafika kale ku ubongo. Abale akaona zotere amafulumira kuganiza za ufiti kapena misala, nataya masabata amene akanapulumutsa moyo. Kaodzera wosachizidwa amapha, koma wopezeka msanga amachizika.